Alembi atatu, njala ya ku Biafra ndi mwezi wa Ogasiti 1967

Chaka chilichonse pa 30 Meyi, misika yambiri ya ku Enugu, Aba ndi Onitsha m'dziko la Nigeria imakhala yotseka, misewu ili zii. Ndi tsiku limene Odumegwu Ojukwu, msilikali yemwe anali bwanamkubwa wa chigawocho, analengeza mu 1967 kuti chigawo cha kum'mawa chapatuka, chakhala dziko la Biafra. Ena amatseka mwa kufuna kwawo pokumbukira abale awo, ena chifukwa choopa magulu amene amalamula kuti pasaoneke woyenda. Tsikuli likayandikira, mkangano wakale umadzukanso: ana amene anafa ndi njala pa nkhondo imene inatsatira pakati pa Biafra ndi boma la Nigeria, mlandu wake ndi wa yani?

Mlembi Chinua Achebe anausonkhezera mkanganowu mu 2012, patatsala miyezi yochepa kuti amwalire. M'buku lake la There Was a Country analoza chala Obafemi Awolowo, yemwe anali nduna ya zachuma m'boma la Yakubu Gowon, kuti anavomereza kugwiritsa ntchito njala ngati chida. Otsatira Awolowo anakwiya kwambiri, nati Achebe walemba ngati munthu wa mbali imodzi. Pamenepo sananame, chifukwa nthawi ya nkhondo Achebe anali kazembe woyendayenda wa Biafra. Koma kukhala wa mbali imodzi sikutanthauza kuti zonse zimene munthu wanena n'zabodza.

Chiyambi chake n'chodziwika. Mu Januwale 1966 asilikali, ambiri mwa atsogoleri awo Aigbo (mtundu waukulu wa kum'mawa), anagwetsa boma. Mu Julaye asilikali a kumpoto anabwezera, ndipo m'miyezi yotsatira Aigbo zikwizikwi okhala kumpoto anaphedwa, otsala n'kuthawira kwawo. Gowon ndi Ojukwu anakumana ku Aburi m'dziko la Ghana mu Januwale 1967, koma aliyense anabwerako ndi kamvedwe kakekake ka zimene anagwirizana. Pa 6 Julaye mfuti zinayamba kulira.

Mwezi umene ndimauona kuti unapha mwayi wa mtendere ndi Ogasiti wa chaka chomwecho. Kufikira nthawiyo boma la ku Lagos, likulu la Nigeria panthawiyo, linkati likungochita ntchito ya chipolisi yobweza oukira. Apa m'pamene Wole Soyinka, Myoruba wa zaka 33 yemwe anali atatchuka kale polemba masewero a zisudzo, anawoloka kupita ku Enugu kukaonana ndi Ojukwu. Malinga ndi zimene iye analemba pambuyo pake, cholinga chake chinali kusonkhanitsa anthu ophunzira, a m'dzikomo ndi akunja, kuti akakamize mayiko kusiya kugulitsa zida ku mbali zonse ziwiri. Ankalankhulanso za gulu lachitatu, losakhala la Gowon kapena la Ojukwu. M'maganizo amenewa munalinso Victor Banjo, msilikali wa Chiyoruba yemwe ankamenyera mbali ya Biafra.

Pa 9 Ogasiti asilikali a Biafra, motsogozedwa ndi Banjo yemweyo, anawoloka mtsinje wa Niger, nalanda mzinda wa Benin, nafika mpaka ku Ore panjira ya ku Lagos. Kumeneko anaima, ndipo akatswiri a mbiri amatsutsanabe za chifukwa chake: ena amati Banjo anazengereza dala podikira kuti Ayoruba amuthandize, ena amati analibe mphamvu zopitirira. Mboni zambiri za masiku amenewo zinalemba patapita zaka, aliyense akudziyeretsa, ndipo Banjo mwiniwake sanapatsidwe mpata wofotokoza bwino. Ojukwu anamuimba mlandu woukira, namuwombera mu Seputembala pamodzi ndi msilikali mnzake Emmanuel Ifeajuna ndi ena awiri. Gowon naye, ataona adani ali pafupi ndi likulu, anasiya zoti ntchito ya chipolisi, nalengeza nkhondo yeniyeni. Aliyense wolankhula za njira ya pakati anasanduka kazitape ku mbali zonse.

Soyinka anamangidwa mwezi womwewo wa Ogasiti. Boma linalengeza kuti wavomera kuti ankathandiza Biafra kupeza ndege zankhondo, iye anakana, ndipo sanazengedwe mlandu m'khoti. Anakhala m'ndende kupitirira zaka ziwiri, nthawi yambiri ali yekhayekha m'chitolokosi ku Kaduna, akulemba pa mapepala a kuchimbudzi ndi pakati pa mizere ya mabuku. Anatuluka mu Okutobala 1969. Zoti ulendo wake unali wanzeru kapena ayi, anthu angatsutsane, makamaka poona mmene nkhani yake inalukanirana ndi ya Banjo. Chosatsutsika n'chakuti anapita wopanda mfuti.

Mnzake wa Achebe ndi Soyinka, mlakatuli Christopher Okigbo, anasankha mfutiyo. Atatuwa anali limodzi pa msonkhano wa alembi ku yunivesite ya Makerere ku Uganda mu 1962, ndipo nkhondo itatsala pang'ono Okigbo ndi Achebe anali atayambitsa kampani yosindikiza mabuku ya Citadel Press ku Enugu. Okigbo analowa usilikali wa Biafra, naphedwa pafupi ndi Nsukka mu Seputembala 1967. Tisaiwalenso kuti si alembi onse a m'chigawocho amene ankafuna Biafra. Ken Saro-Wiwa, wa mtundu waung'ono wa Aogoni, anaima ndi boma la Lagos poopa kuti mitundu ing'onoing'ono imezedwa ndi Aigbo, ndipo mantha amenewa nkhani zambiri zomvera chisoni Biafra zimawalumpha.

Mzinda wa doko wa Port Harcourt utagwa mu Meyi 1968, Biafra inatsekeredwa ku nyanja. Zithunzi za ana otupa mimba, tsitsi litafiira, zinafalikira m'manyuzipepala a ku Ulaya ndi ku America. Tanzania ya Nyerere ndi Zambia ya Kaunda zinali m'gulu la mayiko asanu okha amene anavomereza Biafra ngati dziko. Zokambirana za ku Kampala ndi ku Addis Ababa sizinaphule kanthu.

Mipingo, kudzera m'bungwe lawo la Joint Church Aid, inayamba kuulutsa chakudya usiku kuchokera pa chilumba cha São Tomé kukatera ku Uli, pamsewu umene anaukulitsa kukhala bwalo la ndege. Apa m'pamene pali mfundo yovuta. Lagos inkafuna kuti thandizo lidutse pamtunda kapena masana, litafufuzidwa. Ojukwu anakana, ati chakudyacho chikhoza kuthiridwa poizoni, komanso mdima womwewo unkabisa ndege zonyamula zida. Choncho ofufuza ena amati thandizoli linatalikitsa nkhondo. Mfundoyi ili ndi mphamvu, ngakhale imanenedwa mosavuta ndi munthu amene sanaone mwana wake akufa. Pa 5 Juni 1969 ndege yankhondo ya Nigeria inagwetsa ndege ya Red Cross, ndipo bungwelo linaimitsa maulendo ake, mipingo n'kupitirizabe. Ena mwa madokotala a ku France amene anagwira ntchito kumeneko, kuphatikizapo Bernard Kouchner, ndiwo anathandiza kuyambitsa bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières mu 1971.

Nkhondo inatha pa 15 Januwale 1970, Ojukwu atathawira ku Ivory Coast, wachiwiri wake Philip Effiong n'kupereka zida. Gowon anati palibe wopambana, palibe wogonja. Komabe Aigbo ambiri amene anali ndi ndalama ku banki anangopatsidwa mapaundi 20 aliyense, kaya anasunga zingati. Chiwerengero cha akufa chimachokera pa theka la miliyoni kufika pa mamiliyoni awiri kapena kuposerapo, kutengera amene akuwerenga, chifukwa palibe kalembera wa akufa amene anachitika nkhondo itatha.