Musanasamutse database, dziwani njira yobwerera

Mukapita ku SACCO kukafunsa ndalama zimene zatsala m'buku lanu, wa pa kauntala amangodina kompyuta, nambala n'kutulukira. Nambalayo imachokera mu database, pulogalamu yosunga zinthu m'matebulo olumikizana: la mayina, la ngongole, la zimene mwabweza. Mwa mapulogalamu otere odziwika kwambiri muli PostgreSQL ndi MySQL.

Mapulogalamuwa amakalamba. PostgreSQL imatuluka yatsopano chaka chilichonse, ndipo eni ake amasamalira mtundu uliwonse zaka 5 zokha. Mtundu 12 anausiya mu Novembala 2024, MySQL 5.7 anaisiya mu Okotobala 2023. Yosiyidwayo imayendabe, koma pakapezeka bowo loti akuba n'kulowerapo, palibenso wodzalitseka.

Mu PostgreSQL, kuchoka pa mtundu 16.2 kupita pa 16.3 n'kukonza denga. Kuchoka pa 12 kupita pa 16 ndi msamuko weniweni, chifukwa watsopanoyo sangangotsegula mafayilo a wakale. Mwina mukopere zonse ndi chida chotchedwa pg_dump n'kukazithira uko, njira yochedwa koma yodalirika, kapena mugwiritse ntchito chida china chosamutsira chotchedwa pg_upgrade. Chida chachiwirichi chili ndi njira yachidule yotchedwa link, imene imatha m'mphindi zochepa. Msampha wake ndi uwu: mukangoyatsa seva yatsopano (pulogalamu yoyendetsa database), yakale ija simungaidalirenso. MySQL nayo siikulolani kuchoka pa 8.0 kubwerera pa 5.7. Chokupulumutsani ndi backup basi, kope ya zonse za mu database yosungidwa padera.

Ndiye abwana akandifunsa kuti ntchitoyi itenga maola angati, ndimayamba ndawafunsa kuti backup yawo anaiyesa liti. Osati kuitenga, koma kuithira pa kompyuta ina n'kuona kuti ikutsegukadi. Pa kompyuta inayo ndi pamene timayeserera msamuko wonse, kawiri kapena katatu, wotchi ili m'manja. Ine ndimayang'ananso mayina okhala ndi ŵ, poti zilembo zikasokonekera amayamba kuonekera ndi amenewo.

Ndinaphunzirira pa ofesi ina ku Limbe. Tinasamutsa Loweruka usiku, zonse zinaoneka bwino, tinakagona. Lolemba m'mawa mzere unafika pakhomo, mayi wa pa kauntala akungoyang'ana kachizindikiro kozungulira pa sikirini. Palibe chinatayika. Kungoti pg_upgrade ya nthawi imeneyo sinkasamutsa ziwerengero zimene database imadalira posankha njira yachangu yofufuzira, ndipo ine ndinaiwala kulamula ANALYZE kuti iziwerengenso. Lamulo la mzere umodzi, koma thukuta lake ndimalikumbukirabe.

Zina zimasintha mwakachetechete. Kuyambira pa mtundu 15, PostgreSQL inasiya kulola aliyense kupanga tebulo m'chigawo chotchedwa public, ndipo MySQL 8.0 inasintha njira yotsimikizira pasiwedi, moti mapulogalamu ena akale amakanika kulowa. Amene anakulemberani pulogalamu akhalepo pa tsikulo, osati pa foni.

Tsikulo lisakhale la kumapeto kwa mwezi, anthu akudikira malipiro. Jenereta ikhale ndi dizilo, chifukwa magetsi kuzima ntchito ili pakati ndi tsoka lalikulu. Ndipo gwirizanani ola lobwererera, mulilembe papepala: ikakwana 4 koloko m'mawa zisanatheke, tibwezeretsa yakale. Kukacha anthu n'kuyamba kusungitsa ndalama mu yatsopanoyo, kubwerera kumatanthauza kulembanso pamanja malisiti onse a tsikulo.