Nyumba ya James Baldwin ndi buku lomwe adamuuza kuti aliotche

Kummwera kwa dziko la France, kamtunda pang'ono kuchokera mumzinda wa Nice, kuli kamudzi ka paphiri kozunguliridwa ndi linga lamiyala, dzina lake Saint-Paul-de-Vence. Kunsi kwa lingalo kudali nyumba yakalekale yamiyala, yokhala ndi munda waukulu wa mitengo ya zipatso. M'nyumba imeneyo ndi momwe James Baldwin, mlembi wakuda wa ku America, adakhala zaka 17 zomaliza za moyo wake, ndipo adatsikira kulichete momwemo pa 1 Disembala 1987. Mukapitako lero mukapeza nyumba zogona za anthu achuma zitadzaza mundawo. Mbali ziwiri za nyumba yakale ija adazigumula, pamodzi ndi chipinda chomwe ankalemberamo, kusiya chigawo chapakati chokha. Anthu okonda mabuku ake adayesetsa kuiteteza, wina mpaka adakagona m'bwinjalo masiku angapo mu 2016 pofuna kuti dziko limve, koma sizidatheke. Chomwe ankalirira nyumbayo chimamveka bwino tikayambira komwe mwiniwake adachokera.

Baldwin adabadwa pa 2 Ogasiti 1924 ku Harlem, dera la anthu akuda mumzinda wa New York. Adali mwana wachisamba m'banja la ana asanu ndi anayi, ndipo adakula akulera azing'ono ake, dzanja lina mwana dzanja lina buku. Bambo amene adamulera, David Baldwin, adali mlaliki waukali, wosauka, wodzala ndi mkwiyo pa zomwe azungu adamuchita kwawo ku Louisiana. Mnyamatayo ankauzidwa kunyumba komweko kuti ngosaoneka bwino, makamaka chifukwa cha maso ake aakulu. Ali ndi zaka 14 adalowa mpingo wa Chipentekoste nayamba kulalikira, ndipo kwa zaka zitatu ankakoka anthu ambiri kuposa bambo akewo. Adasiya guwa ali ndi zaka 17, koma mawu a paguwa sadamuchoke. Aliyense amene adakulira m'tchalitchi akawerenga Baldwin amamva kamvekedwe ka ulaliki ndi nyimbo za chitsitsimutso m'ziganizo zake, ngakhale pomwe akudzudzula mpingo womwewo.

Adathawa ku America n'kupita ku Paris mu Novembala 1948, m'thumba muli madola 40 okha. Zaka ziwiri m'mbuyomo mnzake wapamtima, Eugene Worth, adadziponya mumtsinje kuchokera pa mlatho wa George Washington, ndipo Baldwin ankaona kuti akakhalabe ku New York naye athera pomwepo, kapena apha munthu. Ku Paris sikudali kwa mkaka ndi uchi. Khirisimasi ya 1949 adaidyera m'ndende chifukwa cha nsalu yoyala pabedi yomwe mnzake wina adatenga kuhotela n'kumupatsa. Apolisi adamulanda lamba ndi zingwe za nsapato, adakhala masiku asanu ndi atatu ali m'chitokosi, ndipo mlanduwo utafika kubwalo anthu adangoseka, woweruza n'kuuthetsa. Iye adalemba pambuyo pake kuti kuseka kumeneko kudamuziziritsa m'nkhongono, chifukwa kudali kuseka komwe ankakudziwa kale kwawo, kwa anthu amene amadziona kuti mavuto sangawafikire.

Ku Paris komweko adakumana ndi mnyamata wa ku Switzerland, Lucien Happersberger, yemwe adamukonda moyo wake wonse ngakhale kuti Lucien adadzakwatira mkazi. Lucien ndiye adamutengera kukanyumba ka makolo ake m'mudzi wa m'mapiri wa Loèche-les-Bains, komwe anthu ambiri adali asadaonepo munthu wakuda. Ana ankamukuwiza mumsewu, ena ankamugwira tsitsi, ena kumupukuta dzanja kuti aone ngati khungu lisuluke. M'chisanu chimenecho, ali ndi taipilaita ndi malekodi a Bessie Smith, adamaliza buku lake loyamba, Go Tell It on the Mountain, lomwe kampani ya Knopf idasindikiza mu 1953. Lidali nkhani ya mwana wa mlaliki ku Harlem, ndipo lidamupatsa dzina nthawi yomweyo. Osindikiza mabuku adaona kuti apeza mlembi wakuda woti aziwafotokozera za anthu akuda.

Apa ndiye padagona nkhani. Buku lachiwiri la nthano lomwe adawabweretsera lidalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi, ndipo lidali la amuna awiri okondana.

Bukulo, Giovanni's Room, ndi nkhani yofotokozedwa usiku umodzi. David, mzungu wa ku America, waima pazenera m'nyumba ina kummwera kwa France, akumwa mowa yekha, akudziwa kuti kukacha boma lidula mutu Giovanni, mnyamata wa ku Italy wogulitsa mowa m'bala yemwe adakhala naye miyezi ingapo ku Paris pomwe chibwenzi chake chachikazi, Hella, chidali ku Spain. Chipinda cha awiriwo chidali kachipinda ka wantchito, kopanikiza, kodzala ndi mabotolo, makatoni ndi zovala zakuda. Giovanni adali atapaka mawindo mankhwala oyera kuti odutsa panjira asamasuzumire, ndipo ankagogoda khoma ndi nyundo pofuna kukonza malo oika mabuku, kuyesa kuti pamalo ponyansapo pakhale pakhomo pa anthu awiri. David adaona kachipindako ngati msampha. Hella atabwera, adamusiya Giovanni osatsanzika bwino. Giovanni adasokonekera, adagwa m'manja mwa mwini bala yemwe ankamuzunza, n'kumupha, ndipo chilango chake chidali cha imfa.

Chomwe chimandigwira mtima m'bukuli n'chakuti Baldwin sadaike tchimo pomwe anthu a nthawi yake ankayembekeza kulipeza. Chomwe chimaononga anthu atatu onsewa ndi mantha a David, munthu wofuna kuoneka woyera pamaso pa anthu kotero kuti alolera kunamiza mkazi amene akumukhulupirira ndi kutaya mwamuna amene akumukonda, bola dzina lake lisade. Pokangana komaliza Giovanni amamuuza maso ndi maso kuti sadakondepo munthu, amangokonda kuyera kwake ndi galasi lake lodziyang'anira. Amene adanamizapo munthu wina chifukwa choopa zonena za anthu amadzipeza m'masamba amenewa, kaya amakonda mkazi kaya mwamuna.

A Knopf adalikana. Adamuuza kuti buku lotere limuthera mbiri, kuti owerenga ake amuthawa, ndipo kuti akulikana pomufunira zabwino. Baldwin ankasimba kuti mayi amene ankamugulitsira zolemba zake adamulangiza kuti angoliotcha. Mantha awowo adali ndi pogwira. M'chaka cha 1956 chigawo chilichonse cha America chidali ndi lamulo lomanga amuna ogonana okhaokha. Illinois ndiyo idayamba kulichotsa mu 1961, ndipo malamulo otsala adathetsedwa ndi khoti lalikulu la dzikolo mu 2003. Bungwe la madokotala a matenda a maganizo kumeneko linkawerengera khalidweli m'gulu la matenda kuyambira 1952 mpaka 1973. Boma linkachotsa ntchito anthu ongoganiziridwa chabe. Ndiye tangoganizani munthu wakuda, wosauka, wa zaka 32, amene dzina langoyamba kumveka, akuika dzina lake lenileni pachikuto cha buku lotere. Sadaliotche. Adapita nalo kwina, kampani yaing'ono ya Dial Press idalisindikiza ku New York mu 1956, ndipo Michael Joseph adalitulutsa ku London chaka chotsatira. Sadali woyamba kulemba nkhani ya mtundu uwu m'Chingerezi, koma ambiri ankabisala. E. M. Forster wa ku England adalemba lake, Maurice, nkhondo yoyamba ya dziko lonse isadayambe, n'kulitsekera m'kabati mpaka lidatuluka mu 1971 iye atamwalira.

Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Mu 1957 Baldwin adabwerera ku America n'kupita m'zigawo za kummwera komwe ana akuda ankalavuliridwa malovu polowa m'sukulu za azungu. Pofika 1963 adali liwu lomveka dziko lonse: buku lake The Fire Next Time lidagulidwa kwambiri, nkhope yake idatuluka pachikuto cha magazini ya Time mu Meyi, ndipo mwezi womwewo adatsogolera anzake kukalankhula mosapsatira ndi Robert Kennedy, yemwe adali mkulu woona zamalamulo m'boma. Komabe pa chionetsero chachikulu chomenyera ufulu wa anthu akuda cha ku Washington pa 28 Ogasiti 1963 adalipo koma sadapatsidwe mpata wolankhula. Ena ankamunena mseri ndi maina achipongwe. Mu 1968 Eldridge Cleaver, mmodzi wa atsogoleri a gulu lomenyera ufulu wa anthu akuda la Black Panther, adamunyoza poyera m'buku lake, kunena kuti kukonda amuna kwa Baldwin kudali kudana ndi khungu lake lomwe. Mbali inayi a FBI, apolisi ofufuza a boma la America, ankamulondalonda, ndipo failo lake lidafika masamba oposa 1,800. Azungu ankamuopa chifukwa chonena zoona za tsankho, abale ake ena ankachita naye manyazi chifukwa cha amene ankawakonda. Mbali zonse ziwiri zinkafuna theka la munthuyo, theka linalo alibise. Iye ankakana ngakhale maina omwe anthu amapatsa amuna onga iye. Ankati nkhani yake ndi ya chikondi basi, ndipo ili pakati pa iye ndi Mulungu.

Anzake atatu omenyera ufulu wa anthu akuda adaphedwa motsatizana: Medgar Evers mu 1963, Malcolm X mu 1965, Martin Luther King mu 1968. Imfa ya King idamuthyola msana. Adadwala, ndipo anzake adamutengera ku Saint-Paul-de-Vence mu 1970 kuti akapume.

Mwini nyumba ija adali mayi wokalamba, Jeanne Faure, Mfalansa wokulira ku Algeria amene adachokako ndi mtima wowawa dzikolo likumenyera ufulu wake. Anthu akuda sankawafuna, ndipo poyamba adamubwereketsa zipinda monyinyirika. Pang'ono ndi pang'ono mlendoyo adayamba kugula nyumbayo chigawo ndi chigawo, ndalama za mabuku zikabwera, ndipo awiriwo adasanduka ngati pachibale. Pomwe pulezidenti François Mitterrand ankamupatsa Baldwin ulemu wa Légion d'honneur mu 1986, gogoyu adali m'gulu la anthu omwe Baldwin adapita nawo ku Paris, pamodzi ndi mayi amene ankamuphikira.

M'mundamo mudali tebulo lomwe ankalitcha tebulo lolandirira alendo, dzina lochokera m'nyimbo yakale yauzimu ya akapolo. Padakhalapo Nina Simone, Miles Davis, Josephine Baker, Harry Belafonte, Sidney Poitier, komanso Beauford Delaney, mmisiri wojambula yemwe adamuphunzitsa kupenya zinthu ali mnyamata. Pankakhalanso anthu wamba a m'mudzimo, abale ochokera ku Harlem, ndi amuna omwe ankawakonda, onse mbale imodzi, popanda wofunsa mnzake kuti iwe ndiwe yani. Alendo akagona, iye ankatsikira kuchipinda chake chapansi n'kulemba mpaka mbandakucha. M'menemo mudatuluka If Beale Street Could Talk mu 1974, ndi Just Above My Head mu 1979. Buku lomalizali ndi lomwe ndimaliona ngati yankho lake kwa a Knopf: woimba nyimbo zauzimu, wakuda, wa ku Harlem, wokonda mwamuna mnzake, nkhani yake ikusimbidwa mwachikondi ndi mkulu wake. Zomwe mu 1956 adaona kuti sizingakwane m'buku limodzi, apa zidakwana.

Ife a kuno tili naye pomudziwira. Mu 1962 adayendera maiko a kuzambwe kwa Africa pamodzi ndi mlongo wake Gloria, ndipo mu 1980 adakumana koyamba ndi Chinua Achebe pamsonkhano wa zolembalemba za mu Africa ku Gainesville, Florida. Ali mkati molankhula, liwu la munthu wosadziwika lidalowerera pa zokuzira mawu n'kuyamba kumunyoza. Baldwin sadatekeseke, adaliyankha pomwepo kuti nthawi ya ulamuliro wa azungu yatha, ndipo Achebe adadzalemba za tsikulo mwaulemu waukulu.

Khansa ya m'mimba ndiyo idamutenga. Mwambo wa maliro udachitikira ku New York m'tchalitchi chachikulu cha St. John the Divine, ng'oma za Babatunde Olatunji wa ku Nigeria zikulira, Toni Morrison, Maya Angelou ndi Amiri Baraka akupereka mawu, kenaka anthu adamva liwu la malemuyo pa tepi likuimba nyimbo yauzimu. Patebulo lake ku France padatsala sewero losamaliza lotchedwa The Welcome Table.

Nyumba ija adali asadamalize kulipira, ndipo Jeanne Faure adali atamwalira kale iye asadamwalire. Padabuka mlandu wa chuma cha masiye pakati pa banja la Baldwin ndi ena amene ankati nyumbayo njawo, mlandu womwe udatenga zaka pafupifupi 20, ndipo mu 2007 banjalo lidagonja. Malowo adagulitsidwa kwa omanga nyumba zamalonda. Boma la France, lomwe lidamuveka mendulo ali moyo, silidaike nyumbayo m'kaundula wa malo otetezedwa, ndipo ine ndimaona kuti pamenepo lidalakwa kwambiri.

Mabuku ake sadagwe nayo. Filimu ya Raoul Peck yochokera pa zolemba zake, I Am Not Your Negro, idatuluka mu 2016 n'kumubweretsa kwa achinyamata omwe adabadwa iye atapita kale. Ku Philadelphia kuli sitolo ya mabuku yomwe idatsegulidwa mu 1973 n'kutchedwa Giovanni's Room, dzina la buku lomwe lidayenera kupsa lija. Mukatsegula bukulo, patsamba loyambirira palembedwa kuti ndi la Lucien. Patapita zaka 31 chilembereni mawu amenewo, m'masiku omaliza ku Saint-Paul-de-Vence, Lucien yemweyo adali pambali pa bedi lake, pamodzi ndi David, mng'ono wake wa Baldwin.