Kodi phiri la Kanjala lingaphulike?

Mwana wa giredi 4 kapena 5 akaona pa foni phiri likulavula moto, funso lake limakhala limodzi: nanga mapiri athuwa? Ku Chipata funsoli n'lomveka, chifukwa tauni yathu yakhala pakati pa mapiri, ndipo Kanjala timangoliona tikatuluka pakhomo. Inu makolo ndi aphunzitsi anzanga, muuzeni mwanayo mosazengereza kuti ayi, Kanjala siliphulika, ndipo m'Zambia muno mulibe phiri lomwe likuphulika masiku ano. Koma musalekere pomwepo, chifukwa mwana wofunsa chonchi ndiye wokonzeka kumva mmene mapiri amabadwira.

Nthaka yomwe tapondayi ili pamwamba pa chikhungwa cha mwala, chomwe pansi pa makontinenti chimakhuthala makilomita 30 mpaka 50. Chikhungwachi si chimodzi chogwirana. Chinagawika m'zidutswa zikuluzikulu zomwe zimayenda masentimita owerengeka pa chaka. Zidutswa ziwiri zikagundana, mwala umakwinyika n'kukwera m'mwamba. Umu ndi mmene mapiri a Himalaya anabadwira, India atagunda Asia zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo. Pansonga pa Everest, phiri lalitali kuposa onse m'mapiri amenewa, mamita 8,849 kuchokera pa nyanja, pali miyala yokhala ndi zotsalira za tizamoyo ta m'nyanja. Ana amakonda mfundo imeneyi kuposa ina iliyonse, ndipo sayiiwala.

Zidutswa zikamakokana mosiyana, pakati pamatitimira n'kukhala chigwa, m'mbali mukutsala zitunda zazitali. Apa sitifunika kupita kutali. Chigwa cha Luangwa chinabadwa chonchi, ndipo mapiri a Muchinga ndi khoma lake la kumadzulo. Amene anatsikapo msewu wa ku Mfuwe amadziwa mmene kutentha kumawonjezekera pamene galimoto ikutsetsereka. Nyanja ya Malawi nayonso yagona m'chigwa cha mtundu womwewu, ndipo n'chifukwa chake zivomerezi sizachilendo kumeneko, monga zija zinagwetsa nyumba ku Karonga mu December 2009.

Nanga Kanjala, kapena Mphangwe ku Katete? Amenewa ndi mapiri otsala. Miyala yake ndi yakale kwambiri, inapangika pansi penipeni pa nthaka, pamalo otentha ndi opanikizika, ndipo ndi yolimba. Kwa zaka mamiliyoni ambiri mvula, mitsinje ndi dzuwa zakhala zikudya miyala yofewa yomwe inali pamwamba ndi m'mbali, yolimbayo n'kutsala itaima. Choncho phirili silinakwere, koma dziko lolizungulira ndi lomwe linatsika. Phiri la Mulanje ku Malawi, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, lili ndi mbiri yofanana: mwala wosungunuka unazizirira pansi usanatulukire kunja, kenako unavundukulidwa.

Phiri lophulika limabadwa mosiyana, chifukwa limadzimanga lokha. Mabuku ena a ana amajambula mkati mwa dziko ngati nyanja ya moto, ndipo chithunzi chimenechi chimandikwiyitsa. Mwala wa pansi pa chikhungwa ndi wotentha zedi koma ndi wolimba. Umasungunuka m'malo ochepa okha, kawirikawiri pamene zidutswa zija zikusiyana kapena china chikulowa pansi pa chinzake. Mwala wosungunukawo, womwe akatswiri amautcha magma, ndi wopepuka kuposa mwala wouzungulira, motero umakwera pofunafuna ming'alu. Ukatulukira kunja ndiye chiphalaphala chija, chotentha madigiri 700 mpaka 1,200. Chikazizira chimauma n'kukhala mwala, china n'kudzathira pamwamba pake, phulusa n'kuwonjezera, mpaka phiri laima. Kilimanjaro, lalitali kuposa onse mu Africa ndi mamita 5,895, linamangika motere, ngakhale pano lili m'tulo.

Kuti mwana amvetse chifukwa chake mapiri ena amangotulutsa chiphalaphala mwakachetechete pamene ena amaphulika ngati bomba, muimikeni pafupi ndi mphika wa nsima, patali pang'ono kuti asapse. Phala likadali lamadzimadzi, nthunzi imatuluka mosavuta ndipo likasefukira limangoyenderera. Likayamba kulimba, nthunzi imatsekeredwa, kenako imaphulika n'kuthovola phala lotentha pa dzanja la wophika. Mu magma mulinso mpweya. Phiri la Nyiragongo ku Congo lili ndi chiphalaphala chamadzimadzi chothamanga kwambiri. Mu January 2002 chinadutsa pakati pa mzinda wa Goma, chinakwirira mbali ina ya bwalo la ndege n'kukathera m'nyanja ya Kivu, ndipo mu May 2021 phirili linaphulikanso. Pinatubo ku Philippines linali la mtundu wolimba uja. Mu 1991 linaponya phulusa ndi mpweya m'mwamba kwambiri, moti dziko lonse linazizirako pafupifupi theka la digiri kwa chaka choposa chimodzi.

Mwana wochenjera adzafunsa kuti nanga anthu amakhaliranji pafupi ndi mapiri otere. Yankho lili m'nthaka. Phulusa ndi chiphalaphala zikafumbutuka zimasanduka dothi lachonde. Phiri lophulika la Rungwe kum'mwera kwa Tanzania, kufupi ndi Mbeya, silili kutali ndi malire athu a Nakonde, ndipo dera la Tukuyu m'munsi mwake ladzaza nthochi ndi tiyi.

Kwathu kuno kutentha kwa pansi kumaonekera m'akasupe otentha, monga a Chinyunyu m'mbali mwa Great East Road popita ku Lusaka. Madzi a mvula amalowa m'ming'alu, amatsika mpaka pamene mwala ukutentha, n'kubwerera kumtunda akufuka nthunzi. Si chizindikiro choti kukubwera kuphulika.

Choopsa chenicheni cha mapiri athu ndi madzi. Phiri likametedwa mitengo chifukwa cha makala, nkhuni ndi nyumba zomwe zikukwera m'mbali mwake, dothi limasowa chogwira. Mvula yamphamvu ikagwa masiku otsatizana, matope ndi miyala zimatsika pamodzi, zija akuluakulu amati napolo wadutsa. Ku Blantyre zinachitika mu March 2023 pa nthawi ya namondwe wa Freddy, pamene matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe.