Maphunziro aulere a pa intaneti safuna ndalama yolembetsera

Uthenga wina ukuzungulira m'magulu a WhatsApp kuno ku Dedza, wonena kuti wofuna maphunziro afupiafupi aulere a pa intaneti ayambe watumiza ndalama yolembetsera kwa munthu wina kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo akamaliza adzalandira digiri. Zonse ziwirizi ndi zabodza.

Maphunzirowo alipodi. OpenLearn, tsamba la pa intaneti limene yunivesite ya ku Britain yotchedwa The Open University inakhazikitsa mu 2006, limaphunzitsa masamu, Chingerezi, zaumoyo ndi zamalonda, ndipo munthu amalembetsa yekha pogwiritsa ntchito imelo, osadzera mwa aliyense, osalipira kanthu. Ndalama imene imatuluka m'thumba ndi yogulira bandulo basi, ndipo poti imeneyonso ndi yolemera kale kwa mlimi wa mbatatesi wa ku Bembeke, n'zopweteka mtima kuona anthu akumuberanso ina pamwamba pake.

Chimene wophunzira amalandira akamaliza ndi chikalata chosonyeza kuti anachita nawo maphunzirowo. Angathe kuchionetsa pofunsira ntchito, koma sichilowa m'malo mwa MSCE kapena digiri. Ena ophunzitsa pa intaneti, monga edX, amalipiritsa satifiketi, komabe ndalamayo imaperekedwa patsamba lawo lomwelo, osati panambala ya foni ya munthu.