Subaru: nyenyezi zomwe zinkauza alimi a ku Japan tsiku lofesa

Mukaona galimoto ya Subaru itaima, tawerengani nyenyezi za pachizindikiro chake. Mupeza zisanu ndi imodzi, ina yaikulu, zisanu zazing'ono. Kampani yake, yomwe poyamba inkatchedwa Fuji Heavy Industries, idabadwa mu 1953 makampani asanu atagwirizana zokhala amodzi, ndipo dzina la Subaru adalitola kumwamba.

Subaru ndi kagulu ka nyenyezi kothinana ngati mikanda, komwe azungu amati Pleiades. Mawu oti Subaru ndi Chijapani chenicheni chakale, kutanthauza kusonkhana kapena kumangidwa pamodzi. Kumidzi ena ankangoti mutsuraboshi, nyenyezi zisanu ndi imodzi zondondozana, poti ndizo diso la munthu wamba limaona. Pa makina oonera zakuthambo zimapitirira 1,000.

Anthu a kunyumba yachifumu ankazikonda chifukwa cha kukongola. Cha m'ma 1000, mayi wina wotumikira mfumukazi, Sei Shōnagon, polemba za nyenyezi m'buku lake la Makura no Sōshi adayamba ndi Subaru, zina zonse pambuyo. Ana asukulu amaphunzirabe chiganizo chimenechi.

Koma ine zimandikoka mtima kwambiri ndi za alimi. Iwo analibe nthawi yosirira kumwamba. Ankafuna kudziwa tsiku lofesa soba, mbewu yomwe ufa wake amapangira chakudya chooneka ngati supageti. Mlimi ankadzuka mbandakucha, kuyang'ana kumwamba. Subaru ikafika pamutu penipeni kusanache, ndiye kuti nthawi yakwana, ndipo izi zimachitika cha kumayambiriro kwa Seputembala. Anali ndi mwambi wake: "Subaru mandoki kona hachigō." Kutanthauza kuti ukafesa Subaru ili pamutu, miyeso khumi ya zokolola idzakupatsa miyeso isanu ndi itatu ya ufa. Ukachedwa, chisanu chidzaipeza mbewu isanakhwime. Apa palibe zamatsenga ayi. Nyenyezi iliyonse imafulumira kutuluka ndi mphindi pafupifupi zinayi tsiku lililonse, choncho malo ake pa ola lomwelo amakuuza bwinobwino pomwe chaka chafika. Kalendala yawo yakale inkatsata mwezi ndipo inkasemphana ndi nyengo, nyenyezi sizinkatero.

Ku zilumba za Yaeyama, kummwera kwenikweni, amazitchula murikabushi. Kumeneko adaimika miyala yopimira kutalika kwa nyenyezizi madzulo, ndipo ina ilipobe ku Ishigaki. Asodzi a kumpoto nawonso ankati ika, nyama ya m'nyanja ya miyendo khumi ija, imakodwa kwambiri Subaru ikamatuluka.

M'nthano yakale ya Urashima, msodzi amene adapita kudziko la mizimu, ana asanu ndi awiri omwe adamulonjera pachipata ndi Subaru. Asanu ndi awiri, osati asanu ndi mmodzi. Chiwerengerochi chimasinthasintha kutengera maso a woona ndi mdima wa usikuwo. Lero dzinali lilinso pa makina aakulu a Japan oonera zakuthambo pa phiri la Mauna Kea ku Hawaii, omwe adayamba kuona mu 1999 ndi galasi la mamita 8.2.