Atelala awiri akasiyana kasokedwe, wolakwa ndani?

Ophunzira kusoka amakonda kundifunsa kuti, "Kodi njira yoyenera ndi iti?" Amakhala ataona atelala awiri akugwira ntchito imodzi mosiyana, ndiye akufuna ndiwalozere wolakwa. Kawirikawiri sipakhala wolakwa.

Tengani mkono wa shati. Ena amayamba kutseka m'mbali mwa shati, mkono nawo nkuutseka pawokha, kenako nkuulowetsa paphewa uli wozungulira kale. Ena amalumikiza mkono paphewa nsalu ikadali yoyala, ndipo msoko umodzi wautali umayambira kumapeto kwa mkono, kudutsa kukhwapa mpaka kutsikira pansi pa shati. Mashati ambiri a m'fakitale amasokedwa mwa njira yachiwiriyi chifukwa ndi yachangu. Koma pa jekete ya suti ine sindingayese zimenezo. Mutu wa mkono wake umadulidwa wokulirapo kuposa malo olowamo, ndipo umafunika kuunyengerera pang'onopang'ono mozungulira kuti phewa liime bwino popanda makwinya. Amene wasankha njira pamenepa ndi chovalacho.

Nsalu yosiya kunja kwa msoko nayonso anthu amatsutsana nayo pachabe. Mapatani ambiri ogulitsidwa kwa osoka pakhomo amasiya masentimita 1.5, m'mafakitale ambiri amasiya 1, pomwe olumikiza tizidutswa ta nsalu popanga zofunda amasiya mamilimita 6 okha. Wosiya yambiri akufuna mpata wokulitsa chovala mawa, wosiya yochepa akusunga nsalu ndiponso akupewa msoko wotupa.

M'mphepete mwa nsalu kuti musathothoke ulusi, wina amadutsapo ndi zigizagi (msoko wokhotakhota), wina ndi ovaloko (makina okulunga mphepete ndi ulusi), wina amapinda mphepete zonse ziwiri nkuzibisa mkati mwa msoko monga muonera pa jinzi. Oluka majuzi nawonso ena amagwira ulusi kumanja, ena kumanzere, koma juzi ikatha simungadziwe kuti anagwira bwanji.

Njira zinachuluka chonchi chifukwa zida zinasintha. Elias Howe analembetsa makina ake osokera mu 1846, Isaac Singer mu 1851, ndipo zovala zisanafike pamakina zinkasokedwa ndi manja. Misoko yambiri imene mphunzitsi amaumirira inabadwa nthawi yosoka ndi manja ija, pomwe kubisa mphepete mkati inali njira yodalirika yotetezera chovala chochapidwa kawirikawiri. Mphunzitsi amaphunzitsa njira imodzi chifukwa woyamba kumene sangagwire zinayi nthawi imodzi, ndipo amachita bwino. Vuto limabwera wophunzira uja akayesa kuti walandira lamulo, nkuyamba kumasula msoko wabwinobwino poti sukufanana ndi wa aphunzitsi.

Komatu musamve ngati ndikuti chilichonse chimatheka. Pali zina zimene nsalu yokha imalamula, ndipo pamenepo sipakhala zokambirana. Mwendo wa thalauza ukadulidwa mopendeka, osatsata mmene ulusi wa nsalu ukuyendera, umapotoka mukauchapa ngakhale wosoka akhale katswiri. Nsalu ya thonje imafupika ikalowa m'madzi koyamba, nchifukwa chake timaichapa tisanaidule. Nsalu yotamuka ngati ya sikipa ikasokedwa ndi msoko woongoka, ulusi umaduka povala, chifukwa nsalu ikutamuka koma msokowo ayi. Imafuna zigizagi kapena ovaloko, ndi singano ya nsonga yobulungira yomwe siboola ulusi wa nsaluyo.

Mukakayika pakati pa njira ziwiri, tengani kachidutswa kotsala ka nsalu yomweyo, sokani njira zonse ziwiri, sitani, kenako kokani mwamphamvu ndi manja onse. Msoko ukatseguka kapena nsalu ikakwinyika, yambani mwaona singano musanaimbe mlandu njirayo: nambala 70 ndi ya nsalu zopyapyala, 90 ya zapakatikati, 100 ya jinzi.