Mutu wa mbuzi yozungulira musampatse galu

Ndatopa nako kumva zoti mbuzi ikamazungulira malo amodzi, mutu uli pendeke, ndiye kuti wina waiponyera mankhwala. Ayi abale anga. Mfiti yake ndi galu wanu yemweyo amene akugona pakhondepo.

M'matumbo mwa galu mumakhala njoka yaphanthiphanthi ngati lamba, dzina lake Taenia multiceps. Galuyo sadwala kwenikweni, amangooneka bwinobwino, koma akachita chimbudzi pamsipu amasiya mazira osaoneka ndi maso, mbuzi nkudya pamodzi ndi udzu. Kachilombo kotuluka m'mazirawo kamakafika ku ubongo kapena mumnofu nkupanga chithumba cha madzi mbee, mkati muli timadontho toyera ngati mapira. Kadontho kalikonse ndi mutu wa njoka ina. Ndiye inu mukapha mbuziyo, mwaona chithumba, mwanyansidwa, mwaponyera galu. Pakangotha masabata ngati 6 galu uja wayambanso kumwaza mazira. Ofufuza a ku sukulu ya ukachenjede ya Universidade Eduardo Mondlane anazipeza zithumbazi m'mbuzi zophedwa konkuno ku Tete, si nkhani ya kutali iyi.

Amene sandichoka mumtima ndi agogo ena a cha ku Domwe. Anali ndi mbuzi zoti azigulitsa imodziimodzi ku Ulongwe kuti mdzukulu asasiye sukulu. Anandiitana itagwa yachinayi. Ndinaipeza itatsamiritsa chipumi pa mtengo wa khola, diso limodzi silikuonanso, ndipo panalibe choti ndingachite chifukwa chithumba chikakula mu ubongo piritsi kapena jakisoni sizithandizanso. Ndinawafunsa kuti agogo, mitu ya zinazo munatani nayo? Akuti "mwanawe, ndinapatsa agalu, nanga nditaye nyama?" Agalu atatu ali chigonere pompo pafupi ndi chomwera mbuzi.

Chomwe chinandiwawa kwambiri nchakuti anali atalipira kale katatu konse kwa mnyamata wina woyenda pa njinga yamoto ndi chikwama cha mabotolo, yemwe anabaya mbuzi ndi agalu omwe mankhwala otchedwa ivermectin. Ivermectin sapha njoka ya mtundu umenewu, olo mubaye kakhumi! Anthu amenewa akudyerani ndalama, botolo limodzi akuti lochiza chilichonse, dzina la matenda osalidziwa nkomwe.

Mankhwala a galu ndi praziquantel, mamiligalamu 5 pa kilo iliyonse ya kulemera kwake, ndipo si kamodzi kokha ayi, galu woyendayenda amafunika kubwereza pafupipafupi. Mukampatsa mumangeni masiku awiri, chimbudzi chakecho mukwirire mozama kapena mutenthe. Ana asambe m'manja akasewera naye, poti nthawi zina munthunso amatha kupezeka ndi chithumba chomwechi.

Nanunso ophera mbuzi kuseri kwa msika, ndimakuonani mukuponyera agalu zotsala. Mutu kapena nyama ya chithumba itentheni. Agogo aja ndinawasiyira mapiritsi a agalu atatuwo, koma mbuzi zinali zitatsala ziwiri basi.